CD player yakale ikamadumpha nyimbo, osathamangira kuti lenzi yafa

Mukatengera CD player yodumpha nyimbo kwa okonza mawailesi, yankho limene limabwera msanga ndi lakuti "lenzi yafa bwana, pakufunika ina". Nthawi zina amakhala akunena zoona, sindikukana, koma kawirikawiri laser, kamuni kowerenga chimbale kudzera mu lenziyo, imakhala ikadali moyo, chavuta ndi fumbi, girizi amene anauma kalekale, kapena chimbale chenichenicho. Nde musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi khalani kaye pansi mumvetsere mmene ikudumphira, chifukwa kadumphidweko ndi kamene kamaulula pomwe pali vuto. Ikudumpha pa chimbale chimodzi chokha? Ikudumpha cha pa miniti yomweyomweyo ngakhale musinthe zimbale? Imavuta nyimbo zoyambirira zokha kapena zakumapeto? Imayamba bwinobwino kenako ikatentha n'kuyamba misala? Kapena imadikira mukweze voliyumu bass iyambe kugunda? Funso lililonse pamenepa likuloza chinthu china mkatimo, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama.

Pang'ono pokha za mmene chinthuchi chimayendera, apo ayi muzingogwiragwira m'chimbulimbuli. CD inabwera mu 1982, Sony ndi Philips ndi amene anagwirizana za kapangidwe kake, ndipo player yoyamba kulowa m'masitolo ku Japan inali Sony CDP-101, koma mutatsegula ya 1989 ndi ya 2005 mupeza kuti nzeru yake ndi imodzimodzi. Nyimbo zili m'timaenje ting'onoting'ono tondondozana mumzere umodzi wokha umene umazungulira kuchokera pakati pa chimbale kupita m'mphepete. Gwirani pamenepo, nyimbo yoyamba ili pakati pafupi ndi bowo, yomaliza ili kunja, tizifunanso zimenezi kutsogoloku. Mzerewo ndi wothinana zedi, kuchoka pa mzere wina kufika pa unzake ndi ma micrometre 1.6 basi, tsitsi limodzi likagwera pamenepo laphimba mizere makumi angapo. Ndiye pali zinthu zitatu zoyenera kumvana nthawi imodzi. Mota ya pakati, ya spindle, imazungulitsa chimbale pafupifupi ka 500 pa miniti ikamawerenga pakati, n'kumatsika mpaka cha m'ma 200 ikafika kunja. Lenzi ili lende pa timawaya topyapyala, timakoyilo timaikweza, kuitsitsa ndi kuikankhira m'mbali kuti isataye mzere. Koma lenziyo payokha imasuntha pang'ono kwambiri, nde pali kangolo konyamula pickup yonse, kutanthauza lenzi ndi laser pamodzi, kamene kamayenda pa kanjanji kachitsulo, kokankhidwa ndi mota ina ndi magiya. Chimodzi mwa zitatuzi chikangochedwa, kuwala kwa laser kumagwera mzere wina, inu n'kumva nyimbo yalumpha kapena woimba akubwereza liwu limodzi osatha.

Yambani ndi chimbale. Pezani CD ya orijino, yochokera ku fakitale, yoyera bwino yopanda zokala, muiyimbe yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ikayimba osadumpha, player yanu ilibe mlandu waukulu. Chimbale chodumphacho chitsukeni ndi madzi ozizira ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, mutsukuluze, mupukute ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, mowongoka, osazungulira ayi. Chifukwa chake ndi ichi: CD ili ndi njira yodzikonzera zolakwika yotchedwa CIRC, imatha kubwezeretsa nyimbo ngakhale mzere utawonongeka motsatizana pafupifupi mamilimita awiri ndi theka. Kukala kochokera pakati kupita kunja kumangodula mzere uliwonse kachidutswa kochepetsetsa, player imadzaza yokha inu osamva kanthu. Koma kukala kozungulira kumatsatana ndi mzere womwewo mtunda wautali, ndiye pamenepo ngakhale player yatsopano imagonja. Anthu amene amapukuta CD pa malaya mozungulira aja amakhala akuipha pang'onopang'ono.

China chimene ambiri sadziwa, mbali yoopsa si yonyezimira ija. Pulasitiki ya CD ndi yokhuthala mamilimita 1.2 ndipo laser imadutsa monsemo kuti ifike pa nyimbo, kutanthauza kuti nyimbozo zili pamwamba penipeni, pansi pa zolemba ndi chithunzi, zangophimbidwa ndi kavanishi kopyapyala. Chikwezeni chimbalecho pa babu kapena pa dzuwa, mukaona timabowo towala tikuonekera mbali inayo, pamenepo nyimbo zinachoka, palibe chopaka chimene chingazibweze. Za mankhwala otsukira mano zija, eya zimathandizako pa zokala zosazama za mbali yonyezimira, oyera aja osati a jelo, kutikita kuchokera pakati kupita kunja kenako kutsuka, koma musayembekezere zozizwitsa. Ine ndimaona bola kuchiika mu kompyuta, pulogalamu ngati Exact Audio Copy imabwereza kuwerenga malo ovutawo mpaka itapeza zolondola, mukatero mwapulumutsa nyimbo, mubene chimbale china.

Tafika pa zobena, ndipo kunena zoona m'nyumba zambiri kwathu kuno zimbale zochuluka ndi zimenezi, za kwaya, za maukwati, zogula pamsika. CD-R, yobena kamodzi ija, imabweza kuwala kochepa poyerekeza ndi ya ku fakitale, CD-RW, yotheka kufufuta n'kubenanso, ndiye kochepa kwambiri, moti ma player ambiri a m'ma 1990 saiwerenga n'komwe, amangolemba NO DISC, si kuti awonongeka. CD-R imalembedwa pa utoto umene umafooka ndi dzuwa ndi kutentha, yokhalitsa pa dashibodi ya galimoto mu Okutobala musaiwerengere. Zomata pepala pamwamba nazo zimalemera mbali imodzi n'kumagwedera. Mukamabena nokha sankhani Audio CD osati kungoponyamo ma MP3, muchepetse sipidi, ndipo muonetsetse kuti chimbalecho chatsekedwa pomaliza. Koma chenjezo lilipo, player imene kale inkayimba zobena zomwezo bwinobwino lero ikuzikana pomwe za orijino ikuyimba, imeneyo ikukuuzani kuti kuwala kukuchepa, mwina lenzi yada, mwina laser yayamba kukalamba. Tiyamba ndi kuganizira zakudazo.

Onaninso pomwe mwaikhazika. Ma player akale a m'nyumba alibe memory yosungira nyimbo masekondi angapo patsogolo ngati timawailesi toyenda nato tija ta kumapeto kwa ma 1990, nde chilichonse chogwedeza chimamveka pompo. Pamwamba pa sipika si malo ake, shelefu imodzi ndi subwoofer ayinso, tebulo lotsimphina mwendo umodzi ayi. Ikhale pathyathyathya. Ngati imadumpha pokhapokha mukakweza voliyumu, tsitsani kapena mverani pa mahedifoni, ikasiya mwapeza kale. M'mawa wa mu Juni kapena Julayi kukazizira, kapena mukaichotsa m'chipinda chozizira kupita panja potentha, lenzi imachita nthunzi, ingoyatsani muisiye ola limodzi yopanda chimbale. Ya mabatire yesani ndi mabatire atsopano musanaganize zina. Ndipo ngati ndi chimashini cha m'ma 1980 chimene mwangochilandira kuchokera ku Joni kapena ku UK, chitembenuzeni muone kunsi, zina zinali ndi masikuluwu omangira zamkati paulendo, akakhala omanga chimashinicho chimadumpha ndi phazi la munthu wodutsa.

Zonsezi zikakanika ndiye titsegule. Tulutsani thireyi kaye ili choyaka, kenako muzule pulagi ku soketi thireyi ili panja, mukatero lenzi imaonekera bwino. Kuzula pulagi sindikunena mwamwambo chabe, muli 230V mmenemo pafupi ndi thiransifoma ndi switch, ndipo makapasita akuluakulu amasungako moto kwa kanthawi, mbali imeneyo musaikhudze ngati simukuidziwa. Jambulani ndi foni chilichonse musanachotse, masikuluwu muike m'kambale, aatali ndi aafupi padera chifukwa wautali ukalowa pa malo a waufupi umaboola bodi ya zamagetsi kapena kutsekereza thireyi. Zotsegula pamwamba zija, mawailesi onyamula m'manja, n'zosavuta, mukangotsegula chitseko lenzi ili poyera. Zimene mupeze mkatimo musadabwe nazo, fumbi lofiira lokhuthala, zitosi za mphemvu m'makona, ukonde wa kangaude pa magiya, nthawi zina timazira ta nalimata. Chotsani ndi kaburashi kouma kofewa, moyang'anitsa kutali ndi lenzi.

Lenzi ndi kagalasi kakang'ono konyezimira mwa buluu pakati pa pickup. Kawalitseni ndi tochi chammbali. Kakakhala kabwino kamaoneka kowala mbee mpaka mkati, kakada kamachita chifunga, ndipo chifungacho nthawi zambiri si fumbi louma, ndi utsi wa mbaula, mafuta a zokazinga, fodya kapena koyilo ya udzudzu zimene zakhala zikumatirira kwa zaka. Yambani ndi kupemerera mpweya ndi kapampu ka mphira ka ojambula zithunzi, osapuzira ndi pakamwa, malovu amapita nawo. Kenako tengani kamtengo ka thonje kotokosera m'makutu, mufutukule thonjelo pang'ono kuti lifewe, munyowetse ndi isopropyl alcohol, wa 90% kupita m'mwamba, amapezeka m'mafamase ena ndiponso anyamata okonza mafoni amakhala naye. Linyowe chabe, lisadonthe. Pukutani lenzi mopepuka kwambiri mozungulira kawiri katatu, muona ikutitimira ndi kusuntha pansi pa thonjelo, ndi mmene ilili, ili pa timawaya, nde musasindikize, timawayato tikapindika mwaipha pickup ndi dzanja lanu. Tembenuzani mbali youma, pukutani kamodzi, dikirani maminitsi angapo, muyang'anenso ndi tochi ngati pasatsale ulusi wa thonje.

Sipiliti wa papo uja musiyeni, utoto wake umatsalira pa lenzi. Thina, petulo, mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, zimenezi zimasungunula lenzi chifukwa zambiri ndi za pulasitiki osati galasi. Kachasu ayinso abale, ndikudziwa alipo amene aganiza kale kkkk. Mukasowa zonse bola kadontho ka madzi oyera a m'botolo kusiyana ndi zimenezo. Nanga ma CD otsukira lenzi aja okhala ndi timaburashi kunsi? Ndalama yotaya. Amangosesa fumbi la pamwamba, zomatirira za utsi sazigwira, ndipo kaburashi kakumenya lenzi pa liwiro limenelo sikandisangalatsa. Dziwaninso kuti pansi pa lenzi pali kagalasi kena kokhotetsa kuwala, fumbi limafikanso kumeneko, koma kumeneko ingopemererani mpweya chammbali, osalowetsako kanthu.

Mukayesa n'kupeza yasiya kudumpha, musatseke msanga, chitaniponso za kangolo, chifukwa pa mashini a zaka 20 kapena 30 girizi amakhala atatha ntchito basi. Ndipo apa ndi pomwe pamabisala vuto limene anthu ambiri amalinamizira laser. Chizindikiro chake ndi chija ndinafunsa, kudumpha cha pa miniti imodzimodzi pa zimbale zosiyanasiyana, tinene cha pa miniti 20 kapena 45, kapena kuyimba bwino masekondi angapo, kudumpha, kuyimbanso, kudumphanso, mwa ndondomeko. Zimachitika motere: lenzi ikutsatira mzere kupita kunja mpaka yafika pomwe singathenso kupendekeka, bodi ikuuza mota kuti sunthako pang'ono, koma kangolo kamatidwa ndi girizi wouma, bodi ikuwonjezera mphamvu, kenako kangolo n'kufwamphuka kupitirira pomwe kamafunika. Zili ngati kukankha wilibala yotitimira m'matope, siyenda siyenda, ikadzati yayenda mumapita nayo chamutu. Laser ilibe chifukwa pamenepo, ingakhale yatsopano idumphabe.

Nde yang'anani kanjanji kachitsulo kaja ndi magiya oyera a pulasitiki. Girizi wabwino amakhala wofewa, wakale amasanduka wachikasu kapena wabulauni, womata, wosakanikirana ndi fumbi ndi tsitsi, ndipo kumapeto kwa kanjanji mumapeza kamulu kake komwe kangolo kakhala kakumuunjika. Pukutani yense ndi thonje la alcohol, kusinthasintha mpaka thonje lizituluka loyera. Kuti mufike pansi pa kangolo kasunthireni uku ndi uku pozungulitsa giya ndi chala, osakakankha, makamaka ngati kamayenda pa chitsulo chokhala ndi mazinga ngati bawuti, mtundu umenewo sukankhika, muthyola mano. Njira ina ndi kuzula kapulagi ka mota ya kangolo pa bodi n'kuigunditsa batire limodzi la 1.5V, kayende mpaka kumapeto, mutembenuze mawaya kabwerere, apo mumamva ndi khutu pomwe kakukakamira. Mano a magiya aoneni limodzilimodzi ndi tochi, kamchenga kamodzi kokhala pakati pa mano ndi kokwanira, katoleni ndi singano. Giya yaing'ono yokhala pa mota imakonda kung'aluka, mng'alu wake ndi wopyapyala koma pamenepo mano amatalikirana, nde imagunda kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Imeneyo n'kusintha basi, guluu sagwira.

Popaka, chochepa ndiye chabwino. Pa kanjanji kadontho kamodzi ka oyilo wa mashini osokera, kotengera pa nsonga ya kamtengo ka machesi, muyendetse kangolo kangapo kuti afalikire, otsala mupukute. Pa magiya girizi woyera wa lithium kapena wa silicone, wongoti waoneka. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kumata kuposa girizi munachotsa uja. Vaseline ayi, girizi wakuda wa galimoto ayi ndi wolemera, WD-40 ndiye musayandikire nayo n'komwe, imauluka n'kukatera pa lenzi. Apa ndinene za eni ma Philips ndi ma Marantz akale okhala ndi chigawo chowerenga chotchedwa CDM-4 ndi abale ake, mmenemo simupeza kanjanji, pickup ili pa kamkono kozungulira, ingoonani kuti kamkonoko kakuyenda momasuka popanda chokoka, ndipo mashini amenewo musawataye, ndi olimba modabwitsa.

Muli pomwepo onani ribbon, kalamba kopyapyala ka mawaya kochokera pa pickup kupita pa bodi. Kamapindika nthawi iliyonse kangolo kakayenda, nde patapita zaka kamathyokera mkati pomwe kamapindikirapo, kakawongoka kamagwira, kakapindika kamasiya. Zikatero player imadumpha kapena kuima kangolo kakafika malo ena ake, kawirikawiri chakumapeto. Gwirani kaye chitsulo cha bokosi kuti muchotse moto wa m'thupi, laser imapsa ndi kamoto kochepa kamene inu simungakamve, kenako zulani ribbon mowongoka, muikweze pa kuwala muone ming'alu, mupukute mano ake, mubwezere mpaka ilowe yonse mofanana. Yothyoka sinthani ndi ya mano ochuluka chimodzimodzi ndi kutalika kofanana. Nthawi zina simakhala yothyoka, imangokhala ikukodwa pa waya wina.

Tsopano za pakati ndi kunja zija. Ikamavuta nyimbo yoyamba ndi yachiwiri koma zakutsogolo n'kumayimba bwino, kapena ikamachedwa kunyamuka mpaka muchite kuikankha ndi chala kuti chimbale chiyambe kuzungulira, ganizirani mota ya spindle, pakati paja ndi pomwe imafunika kuthamanga kwambiri. Ikamavuta nyimbo zomaliza, ganizirani kugwedera, chifukwa chimbale chikakhala mopendekeka pang'ono pakati, m'mphepete chimakwera ndi kutsika kwambiri mpaka lenzi kulephera kutsatira. Yang'anani chammbali chikamazungulira, m'mphepete muzioneka mwabata. Pukutani kambale kokhalapo chimbale ndi chopanira cha pamwamba chokhala ndi maginito chija, maginitowo amatola tizitsulo, ndipo kachinyalala kamodzi pamenepo kamapendeketsa chimbale chonse. Koma kambaleko musakasindikize pansi kapena kukakoka, kutalika kwake anakuyeza ku fakitale, kakatsika ngakhale theka la milimita lenzi imavutika kupeza focus, kutanthauza kulunjikitsa kuwala bwinobwino pa mzere.

Mota yake mungaiyeze ngati muli ndi multimeter, kamita koyezera magetsi kaja. Izuleni pa bodi, ikani pa ma ohm, muzungulitse kambale pang'onopang'ono ndi chala. Nambala izisinthako koma isagwe mpaka pafupi ndi ziro kapena kusowa kumene, ikamatero maburashi amkati adyeka kapena mwadzaza zinyalala. Ambiri mwa mamota amenewa ndi a Mabuchi, a banja la RF-300 ndi RF-310. Kuthira contact cleaner pang'ono m'timabowo take n'kuiyendetsa ndi mabatire awiri miniti imodzi uku miniti imodzi uku kumaidzutsa, koma ndi zogulira nthawi chabe. Kusintha mota yokha n'kotheka bola muyeze kutalika kwa kambale musanakachotse, ngakhale kunena zoona pa mashini wamba n'kwapafupi kugula chigawo chonse, mwachitsanzo KSM-213 imabwera ndi pickup ndi mamota onse awiri zomangamanga kale.

Mphira nazo zimakalamba. Chigawo chonse chowerenga chimakhala pa timphira tinayi kapena pa masipuling'i, tikafota chimatsika, chimbale n'kumakhula thireyi, mumamva shwee shwee ndipo pa chimbale pamatsala mizere yozungulira, yoipa ija. Lamba wa thireyi akatamuka thireyi imalowa koma chigawocho sichikwera mpaka pamwamba, chimbale sichipanika bwino. Mupukuteni ndi alcohol pamodzi ndi mapule ake, akapitiriza kuterereka pezani wina wocheperako pang'ono. Kumuviika m'madzi otentha kumamubweza kwa masabata ochepa, labala ya ndalama imagwira masiku angapo kenako imasungunukira pa pule.

Ija yoyamba bwino n'kudzayamba misala pakatha maminitsi 15 kapena 20 ndi nkhani ya kutentha. Ikhoza kukhala laser yotopa, koma onani kaye mbali ya magetsi, pulagi ili yozula. Makapasita otupa pamwamba kapena otuluka zoderako kunsi ndi osintha, ofanana ma µF, ma volt ofanana kapena okwererapo, ndipo samalani mbali ya minus. Tembenuzani bodi muone mtovu pa miyendo ya regulator, kachipangizo kokhazikitsa ma volt, nthawi zambiri 7805, ndi pa IC, kachipangizo ka miyendo yambiri, yoyendetsa mamota imene imatentha ija, mukaona kamng'alu kozungulira mwendo wotchererani mwatsopano. Ndipo musaiwale magetsi a m'nyumba mwanu momwemo, ngati imadumpha madzulo okha nthawi imene mababu akuchita kufiira anthu onse akuphika, kapena pa jenereta ndi inverter yotchipa, kayeseni kwina kapena masana musanaimbe mlandu china chilichonse.

Zonsezi mwachita, lenzi ili mbee, kangolo kakuyenda mwa myaa, mota ili bwino, koma ikuchedwabe kuwerenga, ikulira tsiki tsiki nthawi yaitali isanaonetse nambala ya nyimbo pomwe yabwino imatenga masekondi ochepa, zobena yazikaniratu, za orijino ikusankha, apo ndiye tinganene za laser. Kuti muone ngati ikuyaka n'komwe, tsekani thireyi yopanda chimbale, lenzi ikwera ndi kutsika kawiri katatu kufunafuna, nthawi imeneyo lozetsani kamera ya foni, muona kadontho kowala. Ndi diso lanu musasuzumire pamwamba pake. Kuwala kwake ndi kwa 780 nm, diso limangoona kofiira kofooka koma mphamvu yake ndi yoposa mmene ikuonekera. Kuyaka sikutanthauza kuti ndi yamphamvu, chiweruzo chenicheni chimafuna oscilloscope, makina oyezera oonetsa mafunde a magetsi pa sikirini, pa malo olembedwa RF pa bodi, pomwe yathanzi imaonetsa chithunzi choyera cha pafupifupi volt imodzi kapena kuposerako pang'ono. Pa ma pickup ambiri a Sony pali sitika yokhala ndi manambala osonyeza ma milliamp amene laser inkakoka ili yatsopano, mmisiri wodziwa amayeza n'kufananiza, ikamakoka zopitirira kwambiri ndiye kuti yatopa.

Pa pickup pali kasikuluwu kakang'ono kosinthira mphamvu ya laser, ndipo pa intaneti mupeza anthu ambiri akuti ingokapotozani. Kasiyeni. Mukakweza mphamvu laser yotopa imayimba mlungu umodzi kapena mwezi kenako imafa kotheratu, ndipo ngati vuto linali girizi ndiye mwaotcha laser yabwinobwino popanda chifukwa, kapotozedwe kochepa kwambiri kamakwana kuipsereza nthawi yomweyo. Ndi mmene ma player ambiri amafera m'manja mwa okonza othamanga, kasitomala amanyamuka ikuyimba, pakatha milungu iwiri yazima. Timasikuluwu tina ta pa bodi tolembedwa focus ndi tracking natonso si toseweretsa popanda buku la mashiniwo ndi zoyezera. Ngati mashiniwo mukukataya ndithu ndipo mukufuna kuyesa mwayi, lembani chizindikiro pomwe kanali, yezani ma ohm ake, musunthe pang'ono kwambiri, koma dziwani kuti ndi juga.

Kusintha pickup sikovuta ngati mmene anthu amaopera. Werengani nambala pa sitika kapena pa thupi lake. Zofala ndi za Sony, KSS-213C, KSS-210A, KSS-240A, za Sanyo SF-P101N, ndi za Philips VAM1202, ndipo mupeza kuti wailesi yolembedwa dzina lina kunja mkati muli imodzi mwa zimenezi. Pa SF-P101N werengani mano a ribbon, ilipo ya 15 ndi ya 16, sizilowana. Zatsopano zambiri zimene zikugulitsidwa masiku ano ndi zokopera, ina imagwira zaka ina imabwera yofooka kale, nde pickup yochotsa mu wailesi ina yakufa ndi vuto lina, ya pa mulu wa okonza mawailesi pamsika, nthawi zina imaposa ya m'katoni. Pomanga, chotsani kanjanji, lowetsani yatsopano osagwira lenzi, bwezerani giya momwe munajambulira, lumikizani ribbon. Kenako chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri: pickup yatsopano imabwera ndi kadontho ka mtovu kolumikiza timalo tiwiri pa kabodi kake, anaikapo dala kuti laser isapse paulendo. Mukapanda kukachotsa laser siyaka, player ilemba NO DISC, inu n'kumatukwana wogulitsa. Kachotseni pomaliza ribbon italowa kale, ayironi yowotcherera itenthe kenako muizule ku magetsi musanagunde, mukoke mtovuwo mpaka timalo tiwirito tilekane bwinobwino.

Poyesa musangomvera nyimbo imodzi n'kumanga. Ikani chimbale chodzaza cha maminitsi 70 kupita m'mwamba, dumphani kuchoka nyimbo yoyamba kupita yomaliza n'kubwerera kangapo kuti kangolo kayende njanji yonse, gogodani pambali pa bokosi ndi chala mopepuka, yabwino siyenera kutekeseka ndi zimenezo. Kenako vundikirani chivundikiro muisiye iyimbe chimbale chonse, chifukwa za kutentha zija zimaonekera bokosi likatsekedwa. Ngati pickup yake sikupezeka kapena mtengo wake ukuposa wa mashini, koma ampu ndi masipika zili bwino, pezani DVD player iliyonse, imayimba ma CD, mulumikize mawaya ofiira ndi oyera ku AUX kumbuyo kwa wailesiyo, wachikasu uja ndi wa zithunzi musiyeni.